Bolodi la Mphemvu pa Chinkhoswe cha Mdzukulu Wanga

Mdzukulu wanga wamkazi atanena kuti wapeza mwamuna, ndinamufunsa kwawo kwa mnyamatayo. Anati makolo ake ndi a ku Zambia, koma iye anabadwira ku Tottenham. Ndinati chabwino. Kenako ndinalowa kuchipinda kwanga, ndinatseka chitseko, n'kuyamba kuyang'ana zomwe ndili nazo.

Sizinatenge nthawi. Ndimakhala m'fulati ya mwana wanga wamkazi ku Woolwich, pamwamba penipeni, pomwe lifiti ikafa munthu wamkulu satsika. Bedi ndi la mwana wanga. Mpando ndi wake. Jekete lochindikala anandigulira ndi mkamwini wanga. Zanga zenizeni ndi suti imodzi, Baibulo, chithunzi cha malemu mkazi wanga, ndi bolodi limodzi la kompyuta, lomwe lakhala pakhoma m'nyumba iliyonse imene ndagonamo kuyambira tsiku lomwe ndinalilandira.

Pa chinkhoswe agogo saimirira chimanjamanja. Ndi momwe ndinaonera kwathu, ndipo sindinasinthe chifukwa choti ndinakwera ndege. Koma munda ndilibe. Mbuzi ndilibe. Nyumba ya ku Harare inapita kale m'manja mwa ena.

Mwana wangayo ndi namwino. Tsiku lina masana, atabwera kushifiti, ndinamupeza kukhitchini akudula anyezi.

"Bambo, za mphatso musade nazo nkhawa," anatero. "Ndigula mapoto abwino, ndikulunga, ndilembapo kuti achokera kwa agogo."

"Mapoto amenewo ndawagula ine?"

"Adziwe ndani?"

"Ine."

"Nanga mupereka chiyani?"

Ndinamuuza. Anaika mpeni pansi.

"Chija cha pakhoma? Bambo, kudzakhala anthu kumeneko. Akuchimuna akubwera mtundu wonse, ena akuchokera ku Lusaka. Zinthu ngati zimene zija a khansolo amabwera kudzatola pamodzi ndi mafiriji akufa."

"Ndamva."

"Musakwiye. Ndikungoti asakusekeni."

"Ndati ndamva."

Mwana wanga si woipa. Amandisamala kuposa momwe ndinamusamalira ine. Koma bolodilo analizolowera pakhoma kuyambira ali mtsikana, ndiye amaliona ngati kalendala yakale yomwe anthu anaiwala kuchotsa. Sindinamufotokozerepo za ilo, chifukwa kunyumba sindinkakamba za kuntchito kupatula kwa amayi ake.

Ndinabadwira ku Dedza. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndipo ndinakhoza. Ndinatsatira amalume anga ku Harare, mzindawo udakali kutchedwa Salisbury, n'kupeza ntchito ya umesenjala pa kampani ina yaikulu ya inshuwalansi. Atafuna munthu wa m'chipinda cha makina anasankha ine. Sindinkasuta fodya, malaya anga ankakhala oyera, ndipo sindinkacheza pa ntchito. Zifukwa zinali zimenezo.

Kompyuta yomwe ndinaipeza inali ya mtundu wakale. Makabati ake anadzaza khoma lonse. Ukatsegula chitseko unkaona tizitsulo ta miyendo itatu, timene ankati matransisita, tambirimbiri, kalikonse kowotchereredwa pakokha, ndi mawaya opiringizana ngati mizu ya nsungwi. Inkatentha, inkadwaladwala. Amati isanabwere imeneyo kunali makina ena a mababu agalasi. Amenewo sindinawaone, ndiye sindinena kanthu.

Patapita nyengo kunabwera yatsopano. Mabokosi ake analembedwa kuti Ingalande, koma anadzera njira ina yomwe ife sitinafunse. Titamasula tinapeza makabati ochepa. Ife onyamula tinaganiza kuti theka la katundu latsala panjira.

Injiniya wathu anali mzungu wamtali wa ku London konkuno, mwana wa woyendetsa basi. Sankalankhula zambiri, n'chifukwa chake tinkamvana. Anasolola bolodi limodzi m'kabati n'kutionetsa. Linali lalikulu ngati thireyi ya tiyi. Pamwamba pake panali tizinthu takuda, tafulati, toyalidwa m'mizere, kalikonse ndi miyendo yasiliva mbali ziwiri. Iye anati ndi ma IC. Mnzanga wina wonyamula mapepala anasuzumira n'kuti, "Mphemvu." Dzina linakhala lomwelo. Pomaliza ngakhale injiniyayo ankati mphemvu, ngakhale lilime lake linkapunthwa.

Anandiuza kuti m'kati mwa mphemvu imodzi muli tizitsulo tija ta miyendo itatu tambiri, pamodzi ndi mawaya ake, zonse zopangidwa nthawi imodzi pa kachidutswa kochepa kuposa chikhadabo cha khanda. Anati n'chifukwa chake makabati achepa koma ntchito yachuluka. Ndinamuyankha kuti ndinapita kusukulu, asandiuze nthano za ana. Sanatsutse. M'mawa mwake anabwera ndi mphemvu yakufa, anaiswa ndi pulayala, n'kundipatsa galasi lokulitsa zinthu. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Zinali ngati komboni yathu ukaiona uli paphiri: misewu yowongoka, tinyumba m'mizere, palibe kanjira kosokera. Ndinamubwezera galasi lake. Ndinati, "Mwanena zoona." Iye anagwedeza mutu, tinayamba ntchito.

Ntchito yanga inali iyi. M'mawa ndinkapukuta pansi ndi nsalu yonyowa, chifukwa tsache limautsa fumbi, ndipo fumbi ndi mdani. Chipindacho chinkazizira chaka chonse. Mu Okutobala anthu akuwauka panja, ine ndinkavala juzi. M'chipinda choyandikana nacho munali amayi oboola makadi, ndipo ine ndinkanyamula makadiwo m'mathireyi kukawapereka kwa makina kuti awerenge. Ndinkamanga matepi aakulu ngati mbale, kuwamasula, kupukuta mitu ya makina owawerenga ndi sipiriti. Ndinkadyetsa mapepala chosindikizira, chomwe chinkalira ngati matalala pa malata. Mwezi ukamatha tinkagwira osakhala pansi. Bwana aliyense wofuna kulowa ankagogoda, ndipo ndinkayamba ndayang'ana nsapato zake.

Pomwe makinawo ankasungira zimene akukumbukira sipanali mphemvu. Panali timphete tating'ono tachitsulo, totungidwa pa mawaya ngati mikanda. Injiniya anati amatunga ndi amayi, pamanja, kufakitale. Nditamuuza mkazi wanga anati, "Ndiye n'chifukwa chake siiwala." Anali wotero mkazi wanga. Kompyutayo ankaitcha mkazi mnzake. Ndikachedwa ankati, "Wadwalanso mnzangayo? Mumupatse moni."

Inkadwala, koma osati ngati yakale ija. Vuto linali zipangizo. Nthawi imeneyo dziko linali lotsekeredwa, katundu wakunja sankabwera mwachisawawa. Injiniya anati kwawo bolodi likafa amalichotsa n'kuikapo lina. Ife tinalibe lina. Tinkachiza lomwelo. Choyamba tinkalisolola n'kupukuta mano ake agolide a m'mphepete ndi labala wa pensulo, wa ana asukulu yemweyu. Nthawi zambiri matenda ankathera pomwepo. Akapanda kutha, iye ankafufuza ndi chipangizo chake cha galasi lobiriwira, ine nditagwira nyali. Nthawi zina chala chinkakwana, chifukwa mphemvu yodwala imatentha ngati mwana wa malungo. Ikapezeka, ankaizula mwendo umodziumodzi ndi chitsulo chowotcherera, n'kubzalapo ina yochotsedwa pa bolodi lomwe linafa kale.

Zaka zitapita manja ake anayamba kunjenjemera. Tsiku lina anayesa kawiri, analephera, n'kundipatsa chitsulocho. Ine ndinamupatsa nyali. Yoyamba ndinaika mtovu wambiri. Anayang'ana n'kuti, "Yonyansa." Ndinachotsa, ndinayambiranso. Kuyambira pamenepo iye ankapeza matenda, ine ndinkawotcherera. Pa buku la kampani ndinakhalabe wothandiza m'chipinda cha makina. Sizinandivute. Makinawo ankadziwa manja omwe ankawagwira.

Dziko linasintha, mzinda unasintha dzina, kompyutayo inkagwirabe. Kenako kunabwera tating'ono tokhala pa tebulo, kamodzi kokha kamphamvu kuposa chipinda chathu chonse. Bwana anati wogula zitsulo abwera kudzatenga yakaleyo.

Ife a m'chipindamo tinali Amalawi ndi Ashona. Pa zambiri tinkasiyana, koma pa ichi tinagwirizana: wamkulu akapita, katundu wake satayidwa kudzala, amagawidwa. Tinapempha bwana, anaseka, koma analola. Tinaitana injiniya, yemwe anali atapuma kale ntchito. Iye ndiye anazimitsa. Chipinda chomwe sichinakhalepo chete chinakhala chete, mpaka tinamva magalimoto a mumsewu. Mayi wamkulu pa oboola makadi ndiye anagawa, monga amachitira azakhali pa maliro. Ankatchula munthu, n'kunena chifukwa. Wina analandira chopemerera mphepo. Wina chitseko cha kabati, anakapanga tebulo. Injiniya anapatsidwa kiyi woyatsira. Atafika pa ine, mayiyo anatenga bolodi lomwe tinalichiza kambiri kuposa onse, analitembenuza, n'kuti, "Ili lili ndi manja anu. Tengani."

Ndinapita nalo kunyumba. Mkazi wanga ndiye anakhoma msomali.

Ndi chinthu chimenecho chomwe mwana wanga anati a khansolo amatola.

Chinkhoswe chinali Loweruka masana, mu holo ya tchalitchi ku Tottenham. Ndinavala suti. Bolodi ndinalikulunga m'chitenje cha mkazi wanga, n'kuliika pamiyendo m'galimoto ya mkamwini wanga. Mwana wanga anacheuka ali kutsogolo, anayang'ana, n'kuti, "Mwatengadi."

"Ndatenga."

"Mapoto ali kumbuyoku, ngati mungasinthe maganizo."

"Akhale konko."

Mkamwini wanga anakweza wailesi.

Mwambo unayenda bwino, monga mwa kuno. Anabweretsa atsikana ophimbidwa zitenje kuti mnyamata aloze wake, ndipo analoza woyenera. Ankhoswe anasinthana nkhuku. Zamoyo saloleza mu holo, ndiye zinali za m'firiji, tambala womangidwa riboni yabuluu, msoti yofiira. Anthu anaseka, ine sindinaseke, koma ndinamvetsa. Kenako zida. Mdzukulu wanga analandira lichero, mthiko ndi chipande, zogula m'sitolo ya Chiafirika pafupi pomwepo. Mnyamata analandira khasu la m'sitolo ya maluwa, la mpini waufupi. Woyendetsa mwambo anamufunsa kuti munda wake uli kuti. Iye anati pakhonde la fulati pali miphika iwiri.

Ndiye anaitana agogo a kuchikazi.

Ndinaimirira. Mawondo anga si abwino, koma ndodo ndinaisiya pampando. Ndinaika katundu wanga pa tebulo n'kumasula chitenje. Kenako amalume a mnyamata, bambo wonenepa wa ku Lusaka yemwe anali atalankhula kale kangapo popanda womupempha, anakweza mawu.

"Amdala, nanga ichi n'chani? Mwaphwanya wailesi?"

Anthu anaseka. Ndinaona mwana wanga akuyang'ana pansi. Ndinadikira mpaka atatha.

"Asewere," ndinati, "wailesi imalankhula tsiku lonse ngati inu. Ichi chinkagwira ntchito."

Anasekanso, iyenso anaseka, anawomba m'manja n'kuti m'kalankhulidwe ka ku Lusaka, "Mwanipaya, amdala. Pitilizani."

Ndinaitana mdzukulu wanga monga ndimamuitanira kuyambira ali wakhanda. "Mkazi wanga, bwera kuno." Anabwera, chitenje chikumukola miyendo chifukwa sanachizolowere.

"Mnyamata uyu wandilanda mkazi," ndinati. "Ndamukhululukira. Mwamupatsa khasu, koma munda alibe. Amene ali ndi munda ndi mdzukulu wangayu. Ntchito yake ndi yolemba zomwe makompyuta amatsatira. Ine ndinagwira m'munda womwewo iye asanabadwe, makompyuta atangoyamba kupangidwa ndi tizinthu takudati. Ili ndi khasu langa. Ndinalimira amayi ake, anadya, anapita kusukulu. Ndilibe china. Landira."

Anagwada. Analandira ndi manja awiri. Anati, "Zikomo, agogo," m'Chichewa chake cholemera chija. Amayi analulutira. Ndinabwerera pampando.

Koma ndinaona zomwe zinatsatira. Mtsikana wosonkhanitsa mphatso analitenga n'kuliika pa tebulo la kumbuyo, pakati pa lichero ndi mabokosi. Posakhalitsa mayi wina anaikapo chikwama chake pofuna kukavina. Chinthu ukapereka si chakonso. Koma nyama ndinaisiya m'mbale. Mwana woleredwa bwino amagwada n'kuthokoza ngakhale umupatse mwala. Kugwada sikunandiuze kanthu.

Ukwati unachitika, unatha. Pakhoma la kuchipinda kwanga panatsala msomali ndi malo oyera. Mwana wanga anafuna kuikapo chithunzi cha ukwatiwo. Ndinati adikire.

Patapita miyezi anatiitana kukaona fulati yawo ku Lewisham. Tinapita pa basi, ine ndi mwana wanga, Lamlungu titatuluka m'tchalitchi. Polowa ndinayang'ana khoma la pabalaza. Panali zithunzi za ukwati ndi galasi. Kukhitchini lichero linali pakhoma, mthiko ndi chipande m'chitini. Pakhonde khasu lija linatsamira miphika ya tomato. Ndinapempha kupita kuchimbudzi kuti ndione m'kanjira. Munali makoti okha. Chitseko cha kuchipinda kwawo chinali chotsegula pang'ono, koma kumeneko agogo sasuzumira.

Anaphika mpunga ndi nkhuku. Ndinadya pang'ono n'kukankha mbale.

"Simukudya, bambo," anatero mwana wanga.

"Ndakhuta."

Anandiyang'ana. Anadziwa. Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza. Anatsegula pakamwa kuti afunse mwana wake, ine ndinamuletsa ndi maso. Mwamuna safunsa komwe mphatso yake inapita.

Titamwa tiyi ndinavala jekete. Ndili pakhomo, mdzukulu wanga anatuluka kukhitchini manja ali onyowa. Iye amamva Chichewa chonse, koma amayankha m'Chingerezi, n'kuponyamo liwu limodzi lathu apo ndi apo ngati mchere.

"Agogo, musapite kaye," anatero. "Ndili ndi mlandu kuntchito, ndipo mwauyambitsa ndinu."

"Mlandu wanji?"

"Wa bolodi lanu. Anthu awiri a mu ofesi yathu akhala akukangana. Wina akuti linali lowerengera masamu, wina akuti linali lokumbukira. Aliyense wodutsa pa desiki yanga amaima. Sindikugwiranso ntchito."

Ndinagwira chitseko.

"Lili ku ofesi?"

"Nanga likhale kuti? Munati ndi khasu. Ndiliike pabalaza?"

Mwamuna wake anati analipangira choimikira chamatabwa ndi galasi kutsogolo kuti anthu asamaligwire. Anatulutsa foni n'kundionetsa. Linali pamenepo, pambali pa kompyuta yake yopyapyala ngati buku, pafupi ndi kapu ya khofi. Kapuyo inali pafupi kwambiri. Ndinamuuza kuti aisunthe.

"Ndisuntha," anatero mdzukulu wanga. "Ndiye wolondola ndani?"

"Palibe. Linali la matepi. Linkauza matepi nthawi yoyenda ndi yoima."

"Linkawauza bwanji?"

"Zimenezo sindidziwa. Ndinalekeza Sitandade 6. Ndimadziwa kuti likadwala matepi ankapenga, ndipo ndimadziwa mphemvu zomwe zinkayamba kufa."

"Mphemvu?"

"Tizinthu takudato."

Anaseka mpaka anatsamira khoma. Anabwereza liwulo kawiri kuti aligwire. Kenako anakulitsa chithunzi ndi zala, n'kundilozera mzere wa m'munsi.

"Izi zikusiyana ndi zinzake. Zilembo zake ndi zina, ndipo kumbuyo mtovu wake ndi wonenepa. Ndaziyang'ana kwambiri. Anaziika ndani?"

"Ine."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana amayi ake. Amayi akewo anabwera pafupi, anatenga foniyo, anavala magalasi.

"Simunandiuzepo, bambo."

"Sunafunse."

"Ndiye tichite chonchi, agogo," anatero mdzukulu wanga. "Ine ndapeza mapepala akale ofotokoza zomwe zili m'kati mwa mphemvu iliyonse. Zam'kati ndikuuzani ine. Inu mundiuze zakunja. Chipinda, matepi, anthu, zonse. Koma osati mutaimirira pakhomo ngati wobweretsa katundu."

Ndinavula jekete, mwamuna wake analandira. Ndinauza mwana wanga kuti ngati ali ndi shifiti atsogole, basi ya ku Woolwich ndimaidziwa.

"Shifiti ndi ya mawa," anatero, n'kukhala pansi iyenso.

Ndinakhala pampando. Ndinati ayambe abweretsa mbale yanga ija.

"Munati mwakhuta," anatero mwana wanga.

"Itenthetseni," ndinati. "Nkhani yake ndi yaitali."